Chilungulira cha usiku chikamangobwerabwera, yambani mwayang'ana izi

Kwa zaka pafupifupi zitatu ine tulo tanga timaduka cha m'ma 1 kapena 2 koloko usiku, osati agalu a aneba kapena udzudzu ayi, koma moto pachifuwa apa. Umayambira pansi pa kafupa ka pakati pachifuwa nkumakwera pang'onopang'ono mpaka kukhosi, kenako mkamwa mumabwera timadzi towawasa ngati ndatafuna bwemba wosapsa, ndiye ndimadzuka kukhala tsonga pabedi, kufuna kugeya osageya, kumeza malovu, kudikira kuti kaya zitsika nthawi yanji. Kukacha mawu asasa ngati ndinali kumpira dzulo lake, kutsokomola kouma kosatuluka kanthu, kuntchito mutu wolemera tsiku lonse.

Amene munadutsamo mukudziwa kale kuti ichi ndi chilungulira. Kuipa kwake nkoti sichikugwetsa pansi ngati malungo, ndiye munthu supita nacho kuchipatala, umangoti ndimwe kasoda zitha, mawa chabweranso, kasoda kena, mpaka chaka chatha ukadali pomwepo. Ine ndinatopa nazo ndipo pano ndikugona bwino masiku ambiri, nde ndati ndilembe ndondomeko yomwe ndinatsata, chifukwa ndikamacheza ndi amuna anzanga a zaka za m'ma 40 ndimaona kuti ambiri tikuvutika ndi chinthu chimodzimodzi koma aliyense payekha mu mdima.

Choyamba mumvetse chomwe chikuchitika mkatimo, chifukwa mukamvetsa zinazo zibwera zokha. Pomwe mmero umalumikizana ndi chifu pali kamnofu kozungulira kamene kamatseguka chakudya chikamatsika kenako nkutseka. M'chifu muli asidi wamphamvu wogaya chakudya, ndipo chifucho chili ndi chitetezo chake, asidiyo sachiwotcha wamba. Mmero ulibe chitetezo chimenecho. Ndiye kamnofu kaja kakalefuka, kapena chifu chikadzadza mpaka pakamwa, kapena china chikamakanikiza mimba, asidi amabwerera mmwamba nkuwotcha mmero. Masana uli chiimire amatsika yekha ndipo ukumeza malovu pafupipafupi. Usiku wagona chogona, malovu achepa, asidi amangokhala pompo. Nchifukwa chake vutoli limakonda usiku.

Musanapite patali, kodi ndi chilunguliradi?

Apa ndikupemphani musadumphe. Ululu wa mtima ndi wa chilungulira umatha kufanana moti ngakhale a kuchipatala amachita kuyeza kuti asiyanitse. Ngati pachifuwa pakumveka ngati wina wakuikani mwala wolemera kapena akukufinyani, ululu ukupita ku mkono makamaka wamanzere, ku nsagwada kapena kumsana, mukutuluka thukuta lozizira, mpweya ukubanika, kapena zimayamba mukamakwera chitunda kapena kunyamula thumba la chimanga nkusiya mukapuma, chimenecho musachitchule chilungulira, pezani galimoto kapena njinga mupite kuchipatala usiku womwewo. Makamaka inu a BP, a shuga ndi osuta. A shuga nthawi zina ululu wa mtima sumveka kwambiri, umangobwera ngati kudzimbidwa. Ndipo musanyengedwe kuti poti ndamwa mankhwala a chilungulira ndipo kwachepa ndiye kuti si mtima, ululu wa mtima umatha kuchepa wokha nkubweranso.

Chilungulira chenicheni chimawotcha, chimakwera, chimabwera mukadya, mukagona kapena mukawerama kumanga nsapato, ndipo kawirikawiri chimabwera ndi kuwawasa mkamwa. Ngati ndi chimenechi, tiyeni.

Tengani kope kaye

Ine ndinataya nthawi yaitali ndikusintha zinthu zisanu pakamodzi, lero ndasiya tsabola, tiyi, nyemba, matimati, mawa ndatopa ndabwerera zonse, osadziwa kuti cholakwa chinali chiti. Chomwe chinandithandiza ndi kakope ka mwana wanga kotsala masamba. Masabata awiri ndimalemba zinthu zinayi basi: ndadya chani madzulo, nthawi yanji, ndagona nthawi yanji, ndamwa mapilitsi anji tsiku limenelo. Mmawa ndimalemba ngati chilungulira chinabwera kapena ayi. Mutha kulemba mufoni, koma lembani. Pakutha pa masabata awiriwo zinaonekera poyera, tsabola amene ndimamunamizira uja analibe mlandu waukulu. Mlandu unali pa wotchi.

Nthawi yodyera

Moyo wathu wa mtauni uno mukuudziwa. Ine ndimaweruka 5 koloko, kudikira minibasi idzadze, jamu ya pamsewu wopita ku Area 25, kufika kunyumba 7 yadutsa, magetsi akazima ndiye mayi a kunyumba ayambe kukoleza mbaula, nsima kufika patebulo cha m'ma 9. Masana ndinangodya kachipisi ka pachiwaya kapena sindinadye nkomwe, ndiye njala yake ija, mitanda itatu mwina inayi, madzi kapu ziwiri pamwamba, 10 koloko ndili m'bulangete. Mukope muja usiku uliwonse umene pakati pa kudya ndi kugona panali ola limodzi kapena kuchepera, moto unabwera. Masiku a Lamlungu amene timadya 6 koloko chifukwa tonse tili pakhomo, palibe chinachitika ngakhale ndiwo zinali zomwezo.

Chifu chimafuna maola angapo kuti chitsitse chakudya cholemera ngati nsima ndi nyama yamafuta. Lamulo lake ndi maola atatu pakati pa mbamu yomaliza ndi kugona. Ndikudziwa wina anena kuti nanga ine wofika 8 koloko ndigone 12? Ndinafunsanso chomwecho. Chomwe ndinachita ndikutembenuza tsiku. Chakudya chachikulu ndinachisamutsira masana, ndimanyamula kontena kuchoka kunyumba, mpunga kapena nsima ndi ndiwo za dzulo, ndipo ndalama ya chipisi ija inayamba kutsala. Madzulo ndimadya mtanda umodzi kapena umodzi ndi theka, masamba ambiri, ndipo tinagwirizana kunyumba kuti ndiwo ziziphikidwa masana kuti madzulo kuzingotsala nsima. Tsiku lomwe ndachedwa kwambiri ndimadya kambatata kophika kapena phala pang'ono basi.

Izi zinafunika kukambirana bwino, chifukwa kwathu kuno mwamuna akasiya nsima m'mbale mayi amadandaula kuti kaya ndiwo sizinakome kaya mwadya kwina. Ndinawaonetsa kope lija, anamvetsa, ndipo ndi iwowo amene pano amandikumbutsa ndikafuna kuwonjezera.

Chinanso, mukatha kudya musagone pa sofa ndi foni mmanja. Ine chinali chizolowezi changa, kudya, kusamba mmanja, kudzigwetsa chagada nkumayang'ana masitetasi a WhatsApp ndi zigoli za mpira, mutu pa mkono wa sofa, mimba yopindika. Kumeneko nkugona kale ngakhale maso ali tong'o. Khalani tsonga, kapena tulukani muyende pang'ono pabwalo, thandizani ana homuweki.

Ngati nthawi mwakonza koma chikubwerabe, onani bedi

Ambiri timaunjika mapilo awiri atatu. Sizithandiza kwenikweni chifukwa pilo amakweza mutu wokha nkupinda thupi pamimba, mimba ikapindika ndiye asidi akankhidwa bwino kupita mmwamba, komanso mmawa khosi likuwawa. Chofunika ndi kupendeketsa bedi lonse kuti kumutu kukwere masentimita 15 mpaka 20. Ine ndinaika njerwa zowotcha ziwiri zogoneka pansi pa mwendo uliwonse wa kumutu, ndi kathabwa pamwamba kuti mwendo usaterereke. Masiku awiri oyamba umamva ngati ukutsetsereka, kenako umaiwala. Ngati mumagona pa matiresi ya pansi, pindani mabulangete akale muwalowetse pansi pa matiresiyo kuyambira pamene pamafika chiuno kukwera kumutu, kuti kupendekeka kwake kukhale kosalala.

Ndipo gonerani kumanzere. Chifu chinakhala chopendekera kumanzere, ndiye ukagonera mbali imeneyo asidi amadikha mmunsi kutali ndi khomo la mmero, ukagonera kumanja khomo lija limakhala ngati lamira. Izi ndinaziyesa ndekha usiku moto utayamba kale, kutembenukira kumanzere kumachepetsa ndithu. Ine ndi mayi a kunyumba tinasinthana mbali za bedi chifukwa cha ichi.

Lamba ndi mimba

Apa sindichedwapo. Mimba ikatuluka imakanikiza chifu, ndipo thalauza lomwe munagula musananenepe mukalimanga ndi lamba nkukhala pampando tsiku lonse, mukuchita kufinya chifu ngati chubu cha mankhwala otsukira mano. Masulani bowo limodzi. Kuchepetsa thupi ngakhale makilo ochepa kumasintha zinthu kwambiri, mwina kuposa china chilichonse pa zonse ndalemba pano, koma kumatenga miyezi nde musadikire chimenecho chokha. Ine ndinayamba kutsika minibasi siteji imodzi isanafike yanga.

Zakudya ndi zakumwa

Mukafunsa anthu akupatsani mndandanda wautali woti mukautsata mutsala ndi madzi okha. Musasiye zonse. Anthu timasiyana, china chimene chimamuwotcha mnzanu inu sichikukhudzani. Zomwe zimadziwika kuti zimalefula kamnofu kaja kapena kuchedwetsa chifu ndi zamafuta ambiri, monga chipisi, kanyenya wa nkhumba, mandasi, zitumbuwa zonona mafuta, kenako mowa, fodya, khofi ndi tiyi wakuda bii, chokoleti, ndi zakumwa za gasi chifukwa zimatupitsa chifu nkukugeyetsa, ndipo kugeya kulikonse khomo limatseguka. Tsabola wa kambuzi, matimati ambiri, anyezi wamuwisi, mandimu ndi malalanje, izi kwa ambiri zimangowawitsa pamene pawotchedwa kale.

Chotsani chimodzi kwa sabata imodzi, lembani mukope, ngati palibe kusintha chibwezereni nkuchotsa china. Kwa ine, kupatula mowa, zinapezeka ziwiri, chipisi cha madzulo ndi botolo la gasi lozizira lomwe ndimatsitsira nsima. Tiyi wa mmawa sanandivute. Tsabola ndimadyabe masana. Mowa ndinali ndisanausiye nthawi imeneyo ndipo Lachisanu lililonse kope limanena zomwezo, mabotolo atatu ndi kanyenya 10 koloko usiku, 2 koloko moto. Amene mumamwa, chepetsani ndipo musamwe mpaka nthawi yogona. Makamaka kachasu ndi zina zaukalizi pamimba yopanda kanthu, zimenezo zimapala chifu chenichenicho. Fodya yekha palibe zochepetsa, ameneyo ngofunika kusiya.

Za mkaka, ambiri amati imwa mkaka uzizire. Umaziziritsadi kwa kanthawi, koma mafuta ndi zina za mu mkakamo zimapangitsa chifu kutulutsanso asidi wina, ndiye ukamwa kapu yodzadza pogona umangosamutsa motowo kuchoka 11 koloko kupita 3 koloko.

Mapilitsi amene ali mthumba mwanu

Apa ndi pamene ndinadzidzimuka. Ine msana umandiwawa chifukwa chokhala pakompyuta nthawi yaitali, ndiye ndinazolowera kugula bulufeni pa okala, awiri mmawa ndisanadye, nthawi zina awiri madzulo, kwa miyezi. Sindinkawawerengera ngati mankhwala enieni. Tsiku lomwe ndinapita kuchipatala ndi kope langa, adokotala atangoona mzere wa mapilitsi anandifunsa kuti amenewa mwakhala mukumwa kuyambira liti. Bulufeni, diclofenac, indosidi ndi asipirini onse ndi banja limodzi, amachotsa ululu koma amafooketsa chitetezo chija cha chifu, ndipo ndi amodzi mwa zinthu ziwiri zikuluzikulu zoyambitsa zilonda za mmimba, maalsa aja, chinacho ndi kachilombo kamene ndikakambe kutsogoloku. Amakwezanso BP ndi kulemetsa impso ukamamwa nthawi yaitali. Panado sali m'banja limeneli, sapala chifu, bola osapyola mlingo wolembedwa papaketi. Ngati asipirini munapatsidwa ndi adokotala chifukwa cha mtima kapena sitiroko musasiye nokha, kawauzeni za chilunguliracho.

Alipo enanso. Doxycycline ukammeza ndi malovu okha kapena kamadzi pang'ono nkugona pompo amatha kukakamira kummero nkuwotcha kwambiri, ameneyu imwani ndi kapu yodzadza ya madzi ndipo mukhale tsonga kwa theka la ola. Mankhwala ena a BP monga nifedipine ndi amlodipine kwa anthu ena amalefula kamnofu kaja. Amenewanso musasiye nokha chonde, BP ndi yoopsa kuposa chilungulira, ingonenani ku kiliniki kuti chiyambireni mankhwalawa ndikuvutika, aona ngati nkotheka kusintha.

Nkhani ya soda

Soda wothira mu therere uja ndi amene ambiri timathamangira, theka la kasupuni m'madzi, kumwa, kugeya kwakukulu, mpumulo. Amagwiradi ntchito, sindikana, amapha asidi nthawi yomweyo. Vuto lake ndi ziwiri. Akakumana ndi asidi amapanga mpweya umene umatupitsa chifu, ndipo chifu chodzadza kale ndi nsima ukachiwonjezera mpweya sikuchitira chifundo. Chachiwiri, soda ndi mbale wake wa mchere, muli sodium. Theka la supuni ya tiyi lili ndi sodium wopitirira mamiligalamu 600, pomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike mamiligalamu 2000 patsiku. Ndiye usiku umodzi wamwa kawiri, watha kale theka ndi kupitirira la mlingo wa tsiku lonse usanawerengere mchere wa mu ndiwo. Ine tsiku lomwe ndinakaonana ndi adokotala lija anandiyezanso BP ndipo inali yokwera, ine osadziwa, ndikumwa soda ndi bulufeni pafupifupi tsiku lililonse. Zinandipweteka mumtima kuganiza kuti ndimadzivulaza ndi manja anga ndikuyesa ndikudzithandiza. Ngati muli ndi BP, vuto la impso kapena la mtima, soda musiyeni mu therere momwemo.

Nanga mankhwala oyenera ndi ati

Pali mitundu iwiri yomwe mukumane nayo kwambiri, ndipo anthu amaisokoneza. Woyamba ndi wozimitsa moto umene wayaka kale, mapilitsi otafuna onga choko aja a magnesium trisilicate kapena amadzi oyera a m'botolo. Amagwira mwachangu, amatha mwachangu. Ndi abwino kwa amene chimamubwerera mwa apo ndi apo.

Wachiwiri ndi omeprazole. Ameneyu sazimitsa moto, amachepetsa asidi amene chifu chikupanga, ndiye kummwa 2 koloko usiku moto uli lawilawi nkumadikira kuti uzime pompo nkulakwitsa, ndipo ambiri amati sagwira ntchito chifukwa cha kamwedwe kameneka. Amamwedwa mmawa mimba ilibe kanthu, theka la ola kapena ola musanadye, kawirikawiri mamiligalamu 20 kamodzi patsiku, tsiku lililonse, ndipo mphamvu yake yonse imaoneka pakapita masiku angapo. Mukagula nokha ku famase musapitirire masiku 14 osaonana ndi achipatala. Chifukwa chake nchoti amabisa zizindikiro, munthu umamva bwino pomwe mkatimo muli china chomwe chikukula. Komanso ukamwa nthawi yaitali nkusiya mwadzidzidzi asidi amabwera mwaukali kwa masiku angapo, anthu nkuganiza kuti matenda abwerera nkuyambiranso, chaka nkutha.

Tsopano abale anga amene muli pa ma ARV, mvetserani apa chifukwa izi sizinenedwa mokwanira. Ambiri pano akumwa pilitsi limodzi lija la TLD lomwe muli dolutegravir. Mankhwala a choko aja, onse amene muli magnesium, aluminium kapena calcium, akakumana ndi dolutegravir mmimba amamugwira nkumulepheretsa kulowa m'magazi mokwanira. Ndiye musamwere pamodzi. Imwani ARV wanu maola awiri musanamwe wa chokoyo, kapena dikirani maola 6 mutamwa wa chokoyo. Ndipo amene muli pa ARV wina uja wotchedwa atazanavir, omeprazole sagwirizana naye, funsani ku kiliniki yanu musanagule. Choko yemweyo amasokonezanso cipro, doxycycline ndi mapilitsi owonjezera magazi, atalikitseni nthawi.

Zonse mwachita koma sizikusintha

Mwasintha nthawi yodyera, njerwa mwaika, bulufeni mwasiya, omeprazole mwamwa bwino masabata awiri, koma chikubwerabe kapena chabwerera mutangosiya. Apa kunyumba kwatha, pitani kuchipatala ndi kope lanu ndi kabuku kanu ka kuchipatala. Makamaka ngati ululu wake suli wokwera kukhosi koma wakhala pamwamba pa mchombo, woluma ngati njala, wochepa mukadya nkubwereranso pakati pa usiku, chifukwa zimenezo zimafanana ndi zilonda za mmimba.

Kale anthu, ndi madokotala omwe, ankati zilonda zimabwera chifukwa cha maganizo ndi tsabola basi. Mu 1982 madokotala awiri a ku Perth ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anapeza kuti m'chifu cha odwala ambiri muli kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene kamayambitsa zilondazo. Anzawo sanawakhulupirire poti ankati m'chifu palibe chingakhalemo ndi asidi uja, mpaka mu 1984 Marshall anachita kumwa tizilomboto yekha nkudwala kuti aonetse, ndipo mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Ndikunena izi chifukwa kachilomboka ndi kofala kwambiri kuno kwathu, ambiri timakatenga tili ana, ndipo kamachizika. Amapereka maantibayotiki awiri pamodzi ndi omeprazole kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo mumalize onse ngakhale mkamwa mukuwawa ndi mankhwala, mukasiyira panjira kachilomboko kamalimba. Musadzigulire nokha maantibayotiki, yezetsani kaye. Kuyeza kwa chimbudzi kumaonetsa ngati kachilombo kalipo panopa, pomwe kwa magazi kumatha kuonetsabe kuti kalipo ngakhale munachira kale. Ndipo muwauze ngati mukumwa omeprazole, chifukwa amafunika kusiya masabata awiri musanayezetse chimbudzi, apo ayi zotsatira zitha kunama kuti mulibe.

Izi zokha musadikire nazo ngakhale tsiku

Chimbudzi chakuda bii chonanda ngati phula wa pamsewu ndi fungo loipa kwambiri, kusanza magazi kapena zakuda ngati khofi wogaya, chizungulire ndi kuyera mmanja, ululu wa mmimba wadzidzidzi woti mimba yauma gwa ngati thabwa. Amenewo ndi magazi akutuluka mkati kapena chilonda chaboola. Mapilitsi owonjezera magazi nawonso amadetsa chimbudzi koma sichinanda choncho.

Ndipo china chomwe ndikufuna muchisunge ndi kumeza. Ngati mbamu ya nsima kapena nyama ikumveka kuti ikuima pachifuwa, mukuchita kukankhira ndi madzi, mwayamba kufewetsa nsima kapena kuthawira ku phala osadziwa, ndipo thalauza layamba kukhwepa musanafune kuonda, musanene kuti ndi chilungulira chakula. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo anthu ambiri amafika kuchipatala madzi omwe akukanika kutsika. Ine ndinaonapo wachibale kumudzi akuyamba choncho, tonse timati ndi chilungulira, timamugulira mapilitsi a choko, mpaka pomwe anakayezedwa nthawi inali itatha. Sikuti aliyense wovutika kumeza ali ndi khansa ayi, mmero umatha kuchepa ndi zipsera za asidi, ndipo kwa amene chitetezo chatsika zoyera zija za mkamwa zimatha kutsikira kummero nkumapweteka pomeza, zonsezi zimachizika. Koma njira yodziwira ndi kuunika ndi kachubu kokhala ndi kamera, endoscopy, komwe kumachitika mzipatala zikuluzikulu ngati Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Pemphani kalata yokutumizani kumeneko. Fodya ndi mowa zimawonjezera chiopsezo, komanso chizolowezi chathu chomwa tiyi kapena phala likubwadamuka. Mu 2016 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inanena kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikuoneka kuti zitha kuyambitsa khansa ya kummero. Dikirani tiyi apole pang'ono, minibasi ina ibwera.

Foni ya 2 koloko usiku

Chizolowezi chomaliza chomwe chinandizunza ndi ichi. Moto ukandidzutsa ndimatenga foni nkuyamba kusaka pa Google kuti kupweteka pachifuwa usiku ndi chani, ndipo zomwe umapeza kumeneko nthawi imeneyo ndi zoopsa zokhazokha. Mtima nkuyamba kuthamanga, ndiye ndimati ndi mtimadi, tulo nkuthawiratu, bandulo nkutha. Nkhawa ndi kusagona zimapangitsa kuti moto womwewo uzimveka kwambiri, ndiye zimangozungulira, chilungulira chikuchotsa tulo, kusowa tulo kukukulitsa chilungulira. Chomwe chinadula chingwe chimenechi kwa ine ndikupita kukayezetsa kamodzi bwinobwino, BP, shuga, mtima, kachilombo kaja, nkudziwa chomwe ndili nacho ndi chomwe ndilibe. Pano foni imagona pabalaza pa chaja.

Chimabwerabe nthawi zina, sindinama. Kukakhala ukwati kapena chinkhoswe nkudya mochedwa, kapena ndikagona kumudzi pamphasa popanda njerwa zanga. Chikandidzutsa ndimakhala tsonga, kumwa madzi pang'ono osati kapu yonse, kutafuna pilitsi la choko limodzi kapena awiri monga zalembedwera, kuyenda pang'ono mchipinda, kenako kugonera kumanzere chikatsika. Paulendo ndimapinda jekete ndi chikwama nkuzilowetsa pansi pa mphasa kapena matiresi kumutu. Ndipo ndimalembabe mukope muja, chifukwa adokotala anandiuza kuti chikayambanso kubwera kawiri kapena kupitirira pa sabata ndibwerere tikaonenso.